Kodi ndimuletse mwana wanga maphunziro a luso la manja?

Funso: Mwana wanga walowa Fomu 3 pa sekondale ina muno mu Blantyre, ndipo wasankha kujambula mapulani ndi ukalipentala. Bambo ake akuti amenewa ndi maphunziro a ana ofooka m'kalasi. Kodi ndimuletse?
Mayi wa ku Chilomoni

Yankho: Mayi, musamuletse, chifukwa maphunziro amenewa amafuna mutu wogwira. Wophunzira asanagwire sowo, amayamba wajambula chinthucho papepala monga chimaonekera kutsogolo, kumbali ndi pamwamba, n'kulembapo miyeso yake m'mamilimita. Akaphonya pang'ono pobowola polowa mwendo wa tebulo, tebulolo limagwedera, ndipo guluu kapena msomali sizingabise cholakwacho. Apa m'pamene masamu amaonekera ndi maso, ndipo ine ndimaona kuti ana ambiri amawamvetsa bwino akawagwira ndi manja.

Maphunzirowa amalembedwa pa mayeso a MSCE amene bungwe la MANEB limayendetsa. Mwana wanu akakhoza bwino, pamodzi ndi masamu, sayansi ndi Chingerezi, angathe kupikisana nawo pa malo a uinjiniya ku MUBAS ku Chichiri, imene kale inali Polytechnic, kapena kulowa ku Soche Technical College kudzera ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso la manja.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zipangizo, popeza sukulu zina zimaphunzitsa luso limeneli pabolodi pokha. Mupite ndi bambo ake mukaone chipinda chogwiriramo ntchito, mukafunse aphunzitsi ngati matabwa, tchizulo ndi hamala zilipo zokwanira, komanso kuti ana amalowamo kangati pa sabata.