Akufuna uphunzitsi wa ku pulayimale: ayambe kosi ya kompyuta kapena abwereze Masamu?

Mayi wina wa ku Ntcheu wafunsa za mwana wake wamkazi amene analemba MSCE chaka chatha. Chingerezi, Chichewa, Bayoloje ndi zaulimi anakhoza bwino, koma Masamu anapeza 7. Mtsikanayu mtima wake uli pa uphunzitsi wa ku pulayimale. Amalume ake akuti popeza matabuleti afika m'sukulu, ayambe kaye kosi ya kompyuta ya miyezi isanu ndi umodzi m'tauni, apo ayi ntchitoyo idzamulaka. Ndalama zilipo zokwanira chinthu chimodzi chokha.

Mayi, zikomo pofunsa musanawononge ndalamayo. Ipite ku Masamu. Amalume sakulakwa kuti zipangizo zamakono zafika, koma osankha ophunzira a ku makoleji a uphunzitsi (TTC) amayang'ana magiredi a MSCE, ndipo satifiketi ya kompyuta siikweza 7 kukhala kirediti. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe. Chingerezi, Masamu ndi phunziro la sayansi ndiwo amayang'anidwa kwambiri, ndipo ofunsira malo amachuluka kuposa malo omwe alipo, moti ngakhale okwaniritsa zonse ena amatsala. Mwana wanu alembetse pa sukulu ya open yapafupi, apeze woti azimuthandiza Masamu masiku atatu kapena anayi pa sabata, ndipo musachedwe kulipira ndalama ya mayeso ya MANEB, chifukwa kulembetsa kumatsekedwa kudakali miyezi ingapo mayeso asanafike.

Palinso chifukwa china choposa cha kusankhidwa. Ku sekondale mphunzitsi amakhala ndi maphunziro ake awiri kapena atatu. Ku pulayimale ahedi akakupatsa kalasi, zonse ndi zako: Chichewa, Chingerezi, Masamu, sayansi, zaulimi, luso, maphunziro a moyo. Woopa Masamu akapatsidwa sitandade 7 amayamba kulumpha mitu ya mafulakishoni ndi maperesenti, ana n'kudzagwa nayo pa PSLCE osadziwa kuti vuto linayambira pati.

Maphunziro a uphunzitsi wa ku pulayimale amatchedwa IPTE ndipo amatenga zaka ziwiri. Makoleji aboma akale ndi Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga, Blantyre, Chiradzulu ndi Phalombe, ndipo kenako anawonjezera Rumphi, Mchinji ndi Chikwawa. Kwa inu a ku Ntcheu, St Joseph's ya ku Bembeke m'boma la Dedza ili pafupi, ndipo imatenga atsikana okhaokha. Aliponso ena omwe si aboma, monga a DAPP ku Chilangoma, Amalika, Dowa ndi Mzimba, Loudon ku Embangweni ndi Maryam ku Mangochi. Mukaganiza za koleji yomwe si yaboma, funso loyamba lisakhale la fizi. Funsani ngati ophunzira ake amalemba mayeso a satifiketi ya uphunzitsi (PTCE) a MANEB, chifukwa pepala limenelo ndilo limatsegula khomo la ntchito ya uphunzitsi m'boma.

Chilengezo cha malo chimachokera ku unduna wa zamaphunziro, ndipo chiwerengero cha makirediti, zaka zakubadwa ndi tsiku lotsekera zimalembedwa m'menemo. Tsatirani chilengezo cha chaka chimenecho, osati zomwe anachita mwana wa aneba zaka zinayi zapitazo. Nyengo imeneyi ndi imenenso akuba a pa foni amatuluka. Wina akaimba kapena kulemba pa WhatsApp kuti dzina la mwana wanu laikidwa pa mndandanda koma mutumize kaye ndalama pa foni, dulani. Mndandanda wa osankhidwa umatulutsidwa poyera. Mukakayika, pitani ku TDC (likulu la aphunzitsi) ya zoni yanu mukafunse a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale), kapena ku ofesi ya zamaphunziro ya pa boma.

Zaka ziwirizo zimagawidwa patatu. Materemu awiri oyamba amakhala pa koleji, kuphunzira kaphunzitsidwe ka makalasi aang'ono kenako aakulu. Materemu awiri otsatira amatumizidwa ku sukulu ya pulayimale kukaphunzitsa moyang'aniridwa, zomwe aliyense amangoti TP. Materemu awiri otsiriza amabwerera ku koleji kukaunika zomwe anakumana nazo ndi kukonzekera mayeso. Akamaliza ayenera kulembetsa ku Teachers Council of Malawi, bungwe lopereka ziphaso kwa aphunzitsi.

TP ndi pomwe munthu amadziwika ngati ntchitoyi ndi yake. Sukulu zambiri zimakhala zakumudzi, nyumba ogawana ndi anzake, madzi a pa mjigo, foni yokatchajitsa pa msika. Mumukonzere ufa, nyemba, sopo ndi kandalama ka masabata oyamba asananyamuke. M'kalasi mudzakhala ana ochuluka. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma sitandade 1 ndi 2 za ana oposa 100 si zachilendo, ndipo vutoli lili ndi mbiri yake: pomwe maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo zipinda ndi aphunzitsi zakhala zikuthamangira chiwerengerocho mpaka lero.

Zomwe zimagwetsa ophunzira pa TP n'zodziwika. Choyamba ndi masikimu ndi lesoni pulani, kutanthauza dongosolo lolemba la zophunzitsa pa teremu ndi pa phunziro lililonse. Wina amakopera za mnzake usiku, alekichala akabwera kudzaonerera n'kupeza kuti zolembedwa ndi zina, zochitika pa bolodi ndi zina. Chachiwiri ndi nthawi: phunziro la ana aang'ono ndi lalifupi, ndipo wosazolowera amatha theka lake pa nyimbo yoyambira ndi kukhazika ana pansi, belu n'kulira asanafike pa mfundo. Chachitatu, chomwe ndi choopsa kwambiri chifukwa sichioneka msanga, ndi kukhutira ndi yankho la gulu. Ana 100 akayankhira pamodzi kuti "ba, be, bi, bo, bu", m'kalasi mumamveka ngati onse adziwa. Itanani mwana mmodzi wa kumbuyo, mumulozere "bo" payekha mosatsata ndondomeko, muone. Ambiri amakhala ataloweza nyimbo, osati zilembo. Mphunzitsi wabwino tsiku lililonse amasankha ana asanu kapena asanu ndi mmodzi owerenga payekhapayekha, n'kulemba m'kope amene akukakamira pa maphatikizo ovuta ngati "nkha", "ntcha" ndi "ng'o". Ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga ya National Reading Programme, yomwe inayamba mu 2016 m'makalasi a sitandade 1 mpaka 4, inabwera chifukwa cha vuto lomweli. M'mera mpoyamba: mwana wodutsa sitandade 2 osadziwa kuwerenga amavutika ndi phunziro lililonse lotsatira.

Tsono za matabuleti. Pulogalamu yomwe amalume amva ndi BEFIT, yomwe boma linayamba mu 2023 mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion, ndipo cholinga chake n'kufikira sukulu zonse za pulayimale zaboma. Ndi ya ana a sitandade 1 mpaka 4, pa kuwerenga ndi Masamu. Matabuletiwo amatchajidwa ndi sola ndipo maphunziro ali kale m'kati, safuna intaneti. Mwana amavala mahedifoni, n'kugwira ntchito payekha kwa kanthawi kochepa pa tsiku, kenako tabuleti imapita kwa wina. Maola ena onse ndi a choko, bolodi ndi buku.

Tayerekezani nthawi imeneyo ikuchitika. Matabuleti achotsedwa m'kabati momwe amatchajidwira, awerengedwa, ana akhala m'mizere. M'kalasi mwangoti zii. Apa ndi pomwe mphunzitsi wosadziwa amakhala pampando n'kutulutsa foni yake, poganiza kuti makina agwira ntchito. Koma mukayenda pakati pa mizereyo mupeza kamnyamata kakungodina paliponse mofulumira kuti chithunzi chisinthe, osamvetsera. Mupeza kamtsikana kangoyang'ana galasi duu chifukwa chingwe cha hedifoni chasololoka pang'ono, mawu sakumveka, ndipo kakuopa kunena. Wina wapatsira mnzake wochenjera kuti amuyankhire. Tabuleti siingaone zimenezi. Siingadziwenso kuti mwana amene wakhala akulephera sabata yonse ali ndi vuto la maso, kapena amabwera m'mimba muli pululu.

Zowonongeka zake nazonso zili ndi zifukwa zachidziwikire. Matabuleti akapezeka opanda moto m'mawa, kawirikawiri wina sanalowetse bwino zingwe dzulo lake, kapena mapanelo a sola adzala fumbi la mu Okutobala ndipo palibe wakwera kukapukuta. Nyengo ya mitambo ya mvula moto umachepa, ndiye dongosolo la magulu liyenera kusintha. Mahedifoni amaduka pomwe chingwe chimalumikizana ndi pulagi chifukwa ana amakoka chingwe m'malo mogwira pulagiyo, chinthu choti muwaphunzitse tsiku loyamba. Magalasi amasweka pa nthawi yosinthana magulu, pomwe ena akutuluka ena akulowa mothamanga. Nthawi yambiri imatayikanso pomwepo: kugawa ndi kutolera kukatenga mphindi 10, gawo lalikulu la phunziro lapita. Mankhwala ake ndi kusankha atsogoleri a mizere, kukhala ndi malo amodzi oikapo, ndi kuwerenga zipangizo potulutsa ndi pobweza, tsiku lililonse, m'kaundula. Zonsezi ndi luso loyendetsa kalasi. Kosi ya m'tauni yophunzitsa kutaipa makalata siiphunzitsa zimenezi, ndipo aphunzitsi a sukulu zolandira matabuleti amapatsidwa maphunziro ake a kagwiritsidwe ntchito.

Sindikunena kuti mwana wanu asadziwe zamakono. Adziwe, koma zambiri angaziphunzire pa foni ya m'manja yomwe ili kale pakhomo. Akhale ndi imelo ya dzina lake lenileni, osati dzina lamasewera, ndipo asunge mawu achinsinsi ake yekha. Adziwe kujambula satifiketi mowongoka, powala bwino, n'kuisandutsa PDF yaing'ono yotumizika ngakhale netiweki ili yofooka. Adziwe kukopera buku kapena kanema nthawi yomwe bandulo ilipo kuti adzagwiritse ntchito popanda intaneti. Aphunzire kulemba mayina ndi malikisi m'tebulo la Excel kapena Google Sheets, n'kupeza zotsatira zonse ndi avereji. Akadziwa zimenezi, zotsalazo adzazitola pa koleji. Laputopu ndi yothandiza, koma musagulitse mbuzi chifukwa cha iyo asanasankhidwe.

Machenjezo awiri apite kwa mtsikanayo mwini. Mwanawe, mapulogalamu ocheza nawo monga ChatGPT angakupatse maganizo a masewera kapena mafunso, koma Chichewa chawo chimaphonya, ndipo zitsanzo zawo zimayerekeza kalasi ya ana ochepa okhala ndi buku aliyense. Chilichonse uzichiyesa ndi silabasi ndi buku la mphunzitsi la ku Malawi Institute of Education usanachitengere kwa ana. Chachiwiri, usamajambule ana a eni n'kuwaika pa Facebook kapena TikTok, makamaka mwana wolephera kuwerenga kapena wovala zong'ambika. Anthu amaseka, kanemayo amayenda, koma mwanayo ndi makolo ake amakhala nazo zaka zambiri, ndipo iwe ntchito ikhoza kukuthera pomwepo. Magulu a WhatsApp omwe amati ali ndi mayeso obedwa uwathawe.

Ndipo usanyoze zomwe ku koleji adzazitcha TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo. Timitengo 10 tomangidwa ndi mphira pambali pa timitengo 3 tosamanga timaonetsa mwana tanthauzo la 13 m'manja mwake, ndipo ukamasula mtolowo pochotsera, "kubwereka" kumasiya kukhala matsenga. Zitsekerero za mabotolo, makatoni odulidwa kukhala makadi a zilembo, njere za bwemba: izi sizitha moto. Pomwe sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, chomwe chinafikira ana ambiri akumudzi chinali wailesi, osati intaneti. Mphunzitsi wa kuno ayenera kutha kuphunzitsa ndi chilichonse chomwe chilipo tsiku limenelo.

Mayi, chinthu chimodzi ndisakubisireni. Kumaliza TTC sikutanthauza kulembedwa ntchito mwezi wotsatira. Magulu angapo a IPTE adikirapo zaka asanalembedwe, ena akugwira ngati aphunzitsi othandizira pa kandalama kochepa, ena m'sukulu zomwe si zaboma. Aphunzitsi akufunika kwambiri, koma kulemba kumadalira ndalama za boma. Banja likonzekere nyengo imeneyo, ndipo mwana akhale wokonzeka kupita kumudzi kulikonse, chifukwa malo ambiri ali kumeneko. Akalowa, njira yokwera ilipo: ena amapita ku koleji ya Domasi kapena Nalikule kukawonjezera maphunziro, ena ku Montfort ku Nguludi kukaphunzira kuphunzitsa ana osaona, osamva kapena ovutika kuphunzira.

Pa miyezi yomwe akubwereza Masamuyi, m'mawa asamangokhala. Apite kwa ahedi a sukulu ya pulayimale ya kwanuko, apemphe chilolezo chokhala kumbuyo kwa sitandade 1 kapena 2 masiku awiri pa sabata, azithandiza kugawa mabuku ndi kumvetsera ana akuwerenga. Ngati sukuluyo ili ndi matabuleti, aonenso momwe amatulutsidwira ndi kubwezedwa. Teremu ikatha apemphe kalata ya ahedi yotsimikizira zimenezi, aisunge pamodzi ndi satifiketi ya MSCE ndi chiphaso chake cha unzika, zonse zikhale ndi makope ake pa pepala ndi pa imelo chilengezo chisanatuluke.