Mphaka wosatuluka m'nyumba akufunikabe katemera? Yankho kwa achemwali amene afunsa

Achemwali, mwati muli ndi amphaka awiri, wamkazi wa zaka 4 ndi kamwana kakamuna ka masabata 10 komwe mwangokatola kumene. Onse sapita panja, ndiye mukufunsa ngati katemera ndi wofunikadi kapena ndi njira yongokudyerani ndalama. Ndaona ena akuyankhani kuti mphaka wa m'nyumba safuna chilichonse, ena akuti mubayitse katemera aliyense amene alipo chaka ndi chaka. Onsewa sindikugwirizana nawo. Kukhala m'nyumba kumachotsadi zoopsa zambiri, koma zina zimalowa pakhomo limodzi ndi inuyo.

Pali akatemera awiri omwe ine sindingawasiye kwa mphaka aliyense. Woyamba ndi uja madokotala a ziweto amalemba m'kabuku kuti FVRCP. Jakisoni ndi mmodzi koma amateteza ku matenda atatu, ndipo oopsa kwambiri mwa atatuwo ndi panleukopenia, omwe kachilombo kake n'kapachibale ndi parvo wa agalu. Kamawononga matumbo ndi maselo oyera a m'magazi, mphaka amasanza ndi kutsekula m'mimba mpaka madzi kutha m'thupi, ndipo tiana tambiri tosabayidwa timafa m'masiku owerengeka. Kachilomboka sikadikira kuti mphaka wanu akumane ndi mnzake wodwala. Kamatha kukhala pansi, pansalu kapena paziwiya kwa chaka chathunthu kadakali ndi mphamvu, ndipo mankhwala ambiri otsukira m'nyumba sakapha. Mukaponda pomwe mphaka wodwala anadzithandiza miyezi ingapo yapitayo, mwakanyamulira kunsapato. Mukasisita mphaka wa mnzanu n'kudzagwira wanu, chimodzimodzi.

Matenda ena awiriwo, herpesvirus ndi calicivirus, ndi omwe amayambitsa chimfine cha amphaka: kuyetsemula, manthongo m'maso, zilonda m'kamwa. Katemera samatsekereza chimfinechi kotheratu, koma amachititsa kuti chikagwira mphaka chisafike poipa. Amphaka ambiri amatenga herpesvirus kwa mayi awo adakali makanda ndipo amakhala nayo moyo wonse, imangodzuka mphaka akasokonezeka mtima. Kubwera kwa mphaka watsopano m'nyumba ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimaidzutsa, choncho wamkulu wanuyo muzimuyang'ana bwino masabata akubwerawa.

Wachiwiri ndi wa chiwewe. Apa ndiye anthu amatsutsa kwambiri, amati galu wachiwewe angalowe bwanji m'chipinda chogona. Koma mleme, womwe nawonso umatha kukhala ndi chiwewe, umalowa pazenera kapena kudenga, ndipo mphaka akaona chinthu chikukupiza mapiko m'nyumba sachisiya. Komanso palibe mphaka yemwe sangapulumuke tsiku lina chitseko chikasiyidwa pululu. Chiwewe zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuchira palibe, kaya ndi nyama kaya ndi munthu, ndipo bungwe la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lapansi. Katemera ameneyu akutetezanso inuyo ndi ana anu. M'mayiko ambiri momwe muli chiwewe kubayitsa ndi lamulo, ndipo mphaka wopanda chiphaso cha katemera akaluma munthu kapena akalumidwa ndi nyama yokayikitsa, akhoza kutsekeredwa kwa nthawi yaitali kapena kuphedwa kumene. Amabaya kuyambira pa masabata 12, n'kubwereza pakatha chaka, kenaka chaka chilichonse kapena pa zaka 3 zilizonse malinga ndi mtundu wa katemerayo komanso malamulo a kumene mukukhala.

Za kamwanako, musadabwe dokotala akakuuzani kuti mubwere kangapo. FVRCP amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pa masabata 3 kapena 4 aliwonse kufikira kamwana katakwanitsa masabata 16 kapena kuposerapo. Chifukwa chake n'chakuti mkaka woyamba wa mayi umapereka chitetezo chomwe chimalimbananso ndi katemera, kumufooketsa asanagwire ntchito. Chitetezo chimenechi chimatha pa nthawi zosiyana kwa kamwana kalikonse, kena pa masabata 8, kena mochedwerapo, ndipo ndi maso simungadziwe. Jakisoni wa pa masabata 16 uja ndiye wotsimikizira. Anthu ambiri amabayitsa koyamba n'kuleka, poganiza kuti zatheka, kumene kuli kutaya ndalama kwenikweni. Akamaliza amenewo pamabwera wina pa miyezi 6 kapena pa chaka chimodzi.

Wamkuluyo ndiye apa mupumeko. Ngati anamaliza akatemera a paubwana, malangizo a bungwe la madokotala a ziweto padziko lonse la WSAVA amati mphaka wa m'nyumba yemwe sakumana ndi amphaka achilendo abayidwe FVRCP kamodzi pa zaka 3, osati chaka chilichonse. Ngati mumakamusungitsa kumalo osungirako amphaka mukakhala paulendo, kumeneko ndiye angafune katemera wa chimfine wa chaka ndi chaka.

Katemera woti mukhale pansi n'kuganizira ndi wa FeLV, kachilombo komwe kamafooketsa chitetezo cha m'thupi ndi kuyambitsa khansa ya m'magazi. Aka n'kosiyana ndi ka panleukopenia kaja, kamafa msanga kakatuluka m'thupi, ndipo kamafala kudzera m'malovu amphaka akamanyambitana, kulumana kapena kudyera m'mbale imodzi. Malangizo omwe madokotala a amphaka ku America anatulutsa mu 2020 amati ana onse osakwana chaka abayidwe, chifukwa ndiwo amatenga mosavuta, koma wamkulu wosatuluka panja akhoza kukhala wopanda. Chomwe chikundidetsa nkhawa pa nkhani yanu n'chakuti kamwanako mwakatola, mayi ake simukuwadziwa. Kayezetseni magazi a FeLV ndi FIV (kachilombo kenanso kofooketsa chitetezo cha m'thupi mwa amphaka) kasanasakanikirane ndi wamkuluyo, ndipo pakadali pano kakhale m'chipinda chakechake, ndi mbale yake komanso chimbudzi chake.

Pali wina walemba kuti katemera amayambitsa khansa. Zilipodi, koma zimachitika kwa amphaka ochepa zedi, ndipo n'chifukwa chake madokotala ambiri masiku ano amabaya kumunsi kwa mwendo m'malo mwa pakati pa mapewa. Kachotupa kakang'ono pobayidwa n'kachizolowezi, kamaphwa kokha. Bwererani nako kwa dokotala ngati kakadalipo patatha miyezi 3, ngati kakula kuposa masentimita 2, kapena ngati kakukulabe patatha mwezi umodzi.

Tsopano mbali yomwe ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa jakisoni. Kubayitsa kamodzi pa zaka 3 sikutanthauza kuti dokotala muzimuona kamodzi pa zaka 3. Mphaka amabisa ululu kwambiri, amadya, amagona, amadzinyambita, koma dzino likuwola kapena impso zikufooka. Zomwe zimavutitsa amphaka a m'nyumba akamakula kwenikweni ndi mano ndi usinini, kunenepa kwambiri komwe kumabweretsa shuga, matenda a impso ndi a chithokomiro. Zonsezi katemera wake palibe, zimapezeka dokotala akamuika pasikelo, kumutsegula kukamwa, kumumvetsera mtima ndi kumupapasa m'mimba. Kamodzi pachaka n'kokwanira kwa wa zaka 4, koma akamayandikira zaka 10 ndi bwino kawiri pachaka, pamodzi ndi kuyeza magazi ndi mkodzo. Kulemera kwake muzilemba nthawi zonse. Mphaka wa makilogalamu 4 akataya theka la kilogalamu ubweya umabisa, koma sikelo imaonetsa.

Simunanene ngati wamkaziyo anachitidwa opaleshoni yotseka kubereka. Ngati ayi, fulumirani, chifukwa kamwana kakamunako kakhoza kumupatsa bere kasanakwanitse n'komwe chaka. Kufula kamphongoko kasanapitirire miyezi 5 kumachepetsanso khalidwe lothira mkodzo m'makoma ndi lofuna kuthawira panja.

Nthata zimalowa m'nyumba ndi zovala, ndi makoswe kapena ndi galu ngati muli naye, ndipo mphaka akameza nthata podzinyambita amatenga njoka zam'mimba. Tiana tambiri timatenganso njoka kudzera mu mkaka wa mayi, choncho kanuko kamwetseni mankhwala a njoka ngakhale kakuoneka kathanzi. Chonde, mankhwala a nthata a agalu musawayandikitse kwa mphaka. Ambiri amakhala ndi permethrin, yemwe amachititsa mphaka kunjenjemera ndi kukomoka mpaka kufa. Paracetamol nayenso, mbulu umodzi wokha ukhoza kumupha, chifukwa chiwindi cha mphaka sichitha kuwagaya mankhwalawa.

Ngati ndalama zili zoperewera kuti muchite zonse nthawi imodzi, yambani ndi kamwanako: kuyeza magazi, FVRCP mpaka wa pa masabata 16, chiwewe, kenaka kufula. Wamkuluyo tengani kabuku kake dokotala aone zomwe anabayidwa kale ndi masiku ake.

Ndipo poti kamwanako n'kakamuna, dziwiranitu izi. Njira ya mkodzo ya mphaka wamphongo ndi yopapatiza, imatha kutsekeka, ndipo vutoli limakonda amphaka a m'nyumba onenepa omwe samwa madzi okwanira. Mukadzamuona akupita kuchimbudzi pafupipafupi, akudzikakamiza, akulira, koma mkodzo osatuluka, musadikire kuti kuche. Pitani naye kwa dokotala nthawi yomweyo, chifukwa chikhodzodzo chikatsekeka mphaka akhoza kufa pasanathe masiku atatu.