Anthu a ku Chigwa cha Shire si aulesi, anangotopa kuumba njerwa

Bambo wina wa kwa Ngabu wandilembera imelo. Anasankhidwa kukhala wapampando wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), koma akamema anthu ku chitukuko kumabwera nkhalamba zisanu zokha. Akufunsa ngati anthu athu ndi aulesi, ndiponso ngati angotula pansi udindo.

Achimwene, liwu loti "aulesi" landipweteka, chifukwa landikumbutsa mayi anga.

Ndinakulira ku East Bank. Ndili mwana kunabwera bungwe lina, n'kutiuza kuti tikaumba njerwa atimangira chipatala. Unali mwezi wa Okotobala, dzuwa la kuno mukulidziwa, loti mchenga umawotcha mapazi. Mayi ankalawira m'bandakucha kukatunga madzi kumtsinje kodzaza ng'ona, ndowa pamutu, mlongo wanga kumbuyo. Tinaumba, tinawotcha. Simenti ndi malata sizinabwere, ndipo palibe anabwera kudzatiuza chifukwa chake. Uvuni uja unamera udzu mpaka madzi osefukira anaugumula. Patapita zaka kunafika enanso ndi galimoto yokumba mjigo. Amayi anawachenjeza kuti pamene asankhapo madzi ake ndi amchere, akumbe cha kumtunda. Iwo anakumba pomwepo, pambali pa msewu, poti mpamene galimoto imafika mosavuta. Madziwo ngakhale sopo sankachita thovu.

Ndiye munthu amene anaona zonsezi mumuitane lero kudzatuta mchenga, akane, inu muti ndi mlesi?

Ndondomeko ya mphamvu ku anthu inakhazikitsidwa mu 1998, pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Makhansala tinasankha mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo tinakhala opanda khansala mpaka 2014. Papepala, VDC imatenga zofuna za mudzi n'kupereka ku komiti ya chitukuko cha dera la mfumu yaikulu (ADC), ADC n'kukatula ku khonsolo. Koma ine zimene ndaona zikutsikira kumudzi ndi ntchito yakalavulagaga basi. Ndalama ndi chiganizo zimatsalira kumtunda. Agogo athu ntchito yotere, yogwira osafunsidwa maganizo, ankaitcha thangata, ndipo sindikuona dzina lina loiyenera.

Taonani kumene anthu agwira okha chikwama. Banki mkhonde safuna belu la amfumu, amayi amafika okha pa nthawi yake chifukwa ndalama amaziwerenga poyera, aliyense akuona. Alimi a nzimbe a Phata ku Chikwawa anaphatikiza minda yawo kukhala kopaletivi, amagulitsa nzimbe ku Nchalo n'kugawana phindu. Madzi akaphwa, ndani amauza munthu kuti akalime chimanga ndi mbatata kudimba? Pa namondwe wa Freddy mu 2023, monganso pa madzi osefukira a mu 2015, oyamba kufikira anthu amene anali m'mitengo anali anyamata a mabwato a m'mudzi momwemo. Ndiye ndikamva za ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira mtima umasangalala, koma funso langa ndi lomwelo: madziwo akadzafika, adzagwire makiyi ndani?

Zoti muchite

Musatule udindo. Musaitanenso anthu ku njerwa musanadziwe kuti ntchitoyo ndalama zake ndi zingati, zikuchokera ku thumba la chitukuko cha dera la phungu (CDF) kapena kwina, ndipo kontirakitala ndi ndani. Funsani kwa khansala wanu ndi ku ADC polemba kalata; lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zomwe akufuna kudziwa ku boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Yankho mukaliwerenge pamsonkhano wa mudzi, n'kulimata pamtengo. Ndipo yambani ndi kanthu kakang'ono kosankha eni ake, ngakhale kukonza mjigo umodzi wakufa, ndalama zake asunge ndi amayi a banki mkhonde.

Nkhalamba zisanu zija muzifunse zimene zinaumbapo kale, ndi kumene njerwazo zinathera. Mundilemberenso zimene akuuzeni.