Tebulo la mitundu iwiri lisagulidwe pa mtengo wa mtundu umodzi

Funso: Ndine kalipentala, ndimapanga matebulo a paini. Makasitomala ayamba kufuna pamwamba powala, miyendo yodera. Ndikapaka, steni wakuda amalowerera mbali inayo, ndipo phindu silikuoneka. Nditani?

Yankho: Bambo, ndalama zanu zikuthera pa kubwereza ntchito, choncho tiyambire pamenepo. Steni si penti. Amalowa m'thabwa n'kuyenda motsata mizere yake, ndiye ngakhale mumate tepi, amadutsa pansi pake. Paini ndiye amanyanya chifukwa ndi wofewa, amamwa kwambiri malo ena, makamaka kumapeto komwe mwadula ndi sowo.

Njira yosawononga ndalama ndi kupaka zigawo musanalumikize: miyendo payokha, pamwamba payokha. Malo olowa guluu muwaphimbe ndi tepi, chifukwa guluu sagwira bwino pa steni wamafuta. Kwechani ndi sandipepa wa 120 kenako 180, motsata mizere ya thabwa, ndipo pasatsale dontho la guluu louma, pamenepo pamatuluka banga loyera.

Mitundu iwiri ikakumana pa thabwa limodzi, lembani malire ndi mpeni wakuthwa motsamira rula, kuti kamng'alu kaduleko njira ya steni. Yambani ndi mtundu wowala, uume monga alembera pa chitini, muupake sanding sealer (mankhwala otseka timabowo ta thabwa), kenako tepi. Wakudayo pakani ndi kansalu kofinya, kuchokera pa tepi kupita kunja, osati burashi yodontha. Tepi muichotse steni asanaumiretu. Vanishi abwere pomaliza zonse zitauma.

Tsopano mtengo. Ambiri amangowonjezera ndalama ya chitini chachiwiri, kuiwala kuti tebulo likuyembekezera kuuma kawiri, latenga malo ndi masiku omwe mukadapanga lina. Werengerani masiku amenewo, tepi, sealer ndi nsalu, ndipo mtengo wa mitundu iwiri muutchule padera kasitomala asanavomere.

Musalole aliyense kusankha mtundu wake pa foni. Mudzadzaza shopu ndi zitini zotsala theka zomwe simudzazigwiritsanso ntchito. Sankhani mitundu 3 yokha, mupake pa zidutswa za paini yemweyo, ndi vanishi yemwe, kasitomala aloze ndi chala. Alipire theka musanatsegule chitini, chifukwa steni wakuda akalowa, kumuchotsa n'kupala thabwa lonse. Pa mlombwa musavutike n'komwe, uli kale ndi mitundu yake, umangofuna vanishi.