Funsani Dokotala: Tikukonzekera kukwera Sapitwa, koma potsika phiri mawondo akundiwawa

Adokotala, ndife anthu asanu ogwira ntchito limodzi ku Blantyre. Mu Julaye tikufuna kukayenda masiku atatu m'phiri la Mulanje, kuyambira ku Likhubula mpaka pa Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili. Pokonzekera timakwera Michiru Loweruka lililonse. Chitunda sichindivuta, koma potsika mawondo amandiwawa koopsa, moti Lamulungu ndimalephera kugwada kutchalitchi. Mnzanga akuti ndizimwa Brufen ndisananyamuke. Komanso bambo mmodzi m'gulu lathu ali ndi BP. Tichite bwanji?
Mayi wa ku Chilomoni

Amayi, Brufen ameneyo mumusiye kaye. Iyeyu ndi anzake monga Indocid ndi diclofenac amachepetsa magazi opita ku impso. Munthu akayenda maola ambiri thukuta lili kamukamu, impso zimakhala zikulandira kale magazi ochepa, ndiye mukathirapo mankhwalawa mukhoza kuzivulaza. Amakandanso m'mimba mukawamwa musanadye. Ngati ululu wakula mutafika kunyumba, idyani, imwani madzi, kenako mumwe Panado.

Chomwe chikukuchitikiranicho sichachilendo. Potsika, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki: imalimba uku ikukokeka, phazi lililonse likaponda pansi. Ntchito yotere imang'amba timinofu ting'onoting'ono, ndipo ululu wake suyamba pompo. Umakula pakatha tsiku limodzi mpaka atatu, n'chifukwa chake Loweruka mumatsika mukuseka koma Lamulungu benchi ya kutchalitchi ikukukanani. Minofuyi ikatopa, kulemera kwa thupi ndi chikwama kumathera pa kafupa ka kutsogolo kwa bondo, kamene kamakhuzana ndi fupa la ntchafu.

Ubwino wake ndi woti minofu imeneyi imaphunzira msanga. Mukatsikanso phiri lomwelo patatha sabata, ululu umachepa. Kunyumba imani pa sitepe ya pakhonde ndi mwendo umodzi, mutsitse winawo pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 3, chidendene chingokhudza pansi, mubwererenso. Chitani kakhumi mwendo uliwonse, masiku atatu pa sabata. Yang'anani bondo lisapendamire mkati. M'phirimo pondani pafupipafupi, bondo lili lopindika pang'ono, ndipo musachite manyazi ndi ndodo. Agogo athu sankainyamula chifukwa cha ukalamba wokha.

Koma bondo likatupa, likamakanika kuwongoka, likamafooka mwadzidzidzi ngati mugwa, kapena ululu ukakhala pamalo amodzi mpaka kukudzutsani usiku, zimenezo si za minofu yotopa. Pitani kuchipatala akalione.

Chomwe chikundidetsa nkhawa pa kukonzekera kwanu n'chakuti ulendo wa tsiku limodzi suphunzitsa thupi ulendo wa masiku atatu. Ku Mulanje chovuta ndi mmawa wachiwiri, mutagona pansi m'kanyumba ka m'phiri, miyendo itauma gwa, chikwama chikukudikirani pakhomo. Kawiri kapena katatu musanapite, yendani Loweruka ndi Lamulungu motsatizana, mutavala nsapato zomwe mudzavale ndiponso mutasenza katundu yemwe mudzasenze. Kukwera phiri la Zomba kuchokera m'tauni kungakupatseni chitunda chachitali kuposa Michiru. Ulendo wautali womaliza uchitike kutatsala milungu iwiri, kenako muzingoyenda maulendo aafupi.

Ndipo yendani limodzi zenizeni. Ndaonapo magulu akuchita izi: othamanga afika pamwala, akhala, adya nthochi, apuma mphindi khumi. Wotsalira uja akangotulukira ali wefuwefu, iwo nyamu! Mwinitu ndiye amafunika kupuma kuposa onse, koma sapuma ulendo wonse, ndipo ndi amene amadzagwa potsika. Muikeni patsogolo, liwiro lake likhale la gulu lonse.

Za bambo a BP aja: matendawa sawaletsa kukwera phiri ngati akumwa mankhwala ndipo BP yawo ili bwino. Akayezetse tsopano, asadikire sabata yomaliza, ndipo auze adokotala awo za ulendowu. Ikapezeka pa 180/110 kapena kupitirira, asakwere mpaka itatsika. Ngati amamwa mapiritsi okodzetsa aja a HCTZ, madzi amawathera msanga m'thupi, ndipo Brufen kwa iwo ndi woopsa kuposa kwa inu. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kosafanana ndi chitundacho, ulendo wathera pomwepo.

Sapitwa ili pa mamita 3,002. Kupitirira mamita 2,500 anthu ena amamva mutu ndi nseru chifukwa cha kuchepa kwa mpweya. Zikapanda kusiya atapuma, atsike. Koma chimene chimapweteka ambiri mu Julaye ndi kuzizira. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye chiperoni chikakupezani mutavala malaya a thonje onyowa ndi thukuta, thupi limazizira mofulumira. Nyamulani zovala zouma mu jumbo, chovala chamvula ndi chipewa, ndipo musachoke pa kanyumba ka Chisepo, komwe kali m'munsi mwa Sapitwa, kulowera pamwamba popanda wokuperekezani wodziwa njira.

Adokotala, ine ndi anzanga tikukonzekera Porters Race, mpikisano wothamanga m'phiri la Mulanje. Titathamanga kukwera ndi kutsika Ku Chawe, pa phiri la Zomba, kawiri tsiku limodzi, mmawa wake mkodzo wanga unali wakuda ngati Coca-Cola ndipo ntchafu zinatupa. Kodi ndi likodzo?
Mnyamata wa ku Zomba

Achimwene, likodzo limapezeka ndithu kwanuko, makamaka kwa osamba ku Chilwa, koma magazi ake amaoneka ofiira kumapeto kokodza. Mkodzo wakuda wobwera pamodzi ndi ntchafu zotupa mutadzipanikiza chonchi umasonyeza kuti minofu yaphwanyika kwambiri, ndipo zotuluka m'minofumo zikhoza kutseka impso. Ngati zikuchitikabe, pitani kuchipatala lero lomwe akayeze mkodzo ndi magazi, ayezenso malungo. Ngakhale mkodzo utayera, kayezetsenibe musanayambirenso. Musamwe Brufen kapena kachasu poti mupoze ululu.

Mukaloledwa kubwerera, onjezerani mtunda pang'onopang'ono. Mpikisanowu ndi wa makilomita oposa 20 m'miyala, ndipo amene mumawaona akuuluka potsika ku Lichenya akhala akusenza katundu m'phirimo kwa zaka. Imwani madzi mukamva ludzu, osachita kudzikakamiza malita ambirimbiri, chifukwa madzi okhaokha ochuluka amasungunula mchere wa m'magazi. Paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi ndi mtedza wokazinga wamchere m'thumba zikukwanirani pa maulendo aatali.