Aphunzitsi, mbiri ya amayi yambirani kwa agogo a ana anu

Mphunzitsi wina wa ku Chadiza wanditumizira imelo. Akuti amaphunzitsa giredi 6, ndipo akufuna kuti ana adziwe zimene amayi achita m'mbiri ya dziko lathu, koma buku limene ali nalo limangotchula womenyera ufulu Julia Chikamoneka kamodzi basi, masamba ena onse ndi a amuna okhaokha. Pasukulu pawo palibe laibulale, intaneti ndi ya pafoni yake, ndipo mabandulo amagula ndi ndalama za m'thumba mwake. Akufunsa kuti zipangizo zophunzitsira nkhani imeneyi angazipeze kuti.

Aphunzitsi, zikomo pondilembera. Maina a amayi otchuka ndikupatsani, koma musayambire pamenepo. Mwana wa ku Chadiza akangomva za amayi a ku Lusaka okhaokha, amaganiza kuti mbiri imachitikira kutali, kwa anthu ovala bwino. Yambirani kumidzi kumene ana anu amachokera m'mawa uliwonse.

Lachisanu lina muwapatse ntchito iyi: aliyense akafunse kunyumba dzina la amayi ake, la amayi a amayi ake, ndi kubwerera m'mbuyo mpaka pomwe akuluakulu angakumbukire. Pa dzina lililonse akafunsenso mafunso atatu okha. Anabadwira mudzi uti? Ankagwira ntchito yanji ndi manja awo? Ndi vuto lalikulu liti limene anapyolamo? Lolemba mudzaona timapepala topindapinda, tina tothimbirira ndi utsi wa kukhitchini chifukwa mwana amalemba agogo akuphika. Mulembe mainawo pabolodi, musafufute sabata yonse. Mudzapeza azamba amene analandira theka la mudzi m'manja mwawo, oumba mbiya, ofulula mowa amene analipirira ana sukulu ndi ndalama za mowawo, ndi osunga mbewu ya mtedza wa Chalimbana chaka cha njala pamene mtima unkafuna kuikazinga. Mudzapezanso ambiri amene anatsala okha ndi ana amuna awo atapita ku migodi ya ku Copperbelt kapena ku Wankie (Hwange ya ku Zimbabwe masiku ano) kukafuna ndalama ya msonkho wa atsamunda. Pamenepo ndi pomwe mungawafotokozere za msonkho ndi ulendo wa ku migodi, ndipo adzamva, chifukwa nkhaniyo yatuluka m'nyumba mwawo. Mabuku amatsata amuna amene anapita. Amene analima, kudzaza nkhokwe ndi kusunga midzi kuti isathe zaka zonsezo sanalembedwe, ndipo ana anu ndiwo angayambe kuwalemba.

Ntchito yomweyi idzakutsegulirani phunziro la mbumba. Kwa Achewa ndi Ansenga mwana ndi wa kwa amake, ndipo ufumu umatsata mzere wa amayi, kupita kwa mwana wa mlongo wa mfumu. Kwa Angoni a Mpezeni mwana amatsata kwa atate. M'kalasi mwanu muli ana a mbali zonse ziwiri, ndiye asiyeni ayerekeze okha, popanda kunena kuti mwambo uwu uposa uwo.

Kuchokera apo pitani nawo kwa Nyangu. Ana ambiri amadziwa Kalonga Gawa Undi ndi mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ku Katete, koma ndi ochepa amene anauzidwa kuti Kalonga amayenera kuchokera mu mzere wa Nyangu, mayi wa ufumu wa Aphiri, ndipo udindo umenewu ulipo mpaka lero. Auzeninso za Makewana, mayi wa mfunda wa Abanda amene ankayang'anira kachisi wa mvula ku Msinja, kutsidya kwa malire ku Malawi. Mafumu ankatumiza mphatso kwa iye mvula ikavuta. Mpando wa ufumu wa Kawaza, wa Nyanje ndi wa Mkanda wakhalapo ndi amayi m'masiku athu ano, choncho mwana wamkazi asamve ngati ufumu wa amayi ndi nthano ya kalekale.

Pano ndikuchenjezeni pang'ono. Mukafika pa anamkungwi, nenani za udindo wawo ngati aphunzitsi a mudzi, amene ankaphunzitsa atsikana sukulu za azungu zisanabwere. Koma za m'tsimba musafunse ana, ndipo musawatume kukafunsa. Mukatero makolo adzakutsekerani khomo, ndipo ntchito yonse ija idzafera pomwepo. Mungathe kunena poyera kuti akatswiri ofufuza zakale amagwirizanitsa zina mwa zithunzi zoyera zojambulidwa pamiyala m'dera lathu lino ndi chinamwali, kutanthauza kuti manja a amayi analipo pa zojambulazo. Phanga la Kalemba, limene lili ndi zojambula za pamiyala, lili m'boma lanu lomwelo. Ngati ahedi angavomere ulendo, kapempheni kaye kwa amfumu a kumeneko.

Tsopano maina a dziko lonse. Julia Chikamoneka musangomutchula, auzeni ana nkhani yake. Anabadwa mu 1910 ku Kasama, ankagulitsa pamsika ku Lusaka, ndipo usiku ankayenda m'makomboni akugwedeza chitini cha miyala kuitanira anthu ku misonkhano ya ndale. Mu 1960, nduna ya Britain yoona za maiko a atsamunda, Iain Macleod, itafika ku Lusaka, iye ndi amayi anzake anaima pamaso pake atavula malaya. Afunseni ana kuti kwathu kuno mayi wamkulu akachita zimenezi pagulu amatanthauza chiyani. Adzakuyankhani okha kuti ndi mkwiyo umene wafika pamapeto. Anamwalira mu 1986.

Dzina limene ndikufunitsitsa kuti ana a kuno kum'mawa alidziwe ndi la Margret Mbeba. Pa chisankho cha mu Januwale 1964 amayi atatu anasankhidwa koyamba kulowa m'nyumba ya malamulo: Nakatindi Yeta Nganga, Ester Banda ndi Margret Mbeba, ndipo a Mbeba anaimira Kazimuli, kufupi ndi kwanuko. Zimandiwawa kuti ana amadutsa kumeneko osadziwa zimenezi. Onjezani Irene Chirwa Mambilima, wobadwira kuno ku Eastern Province mu 1952, amene anatsogolera bungwe la zisankho ndipo anakhala mkulu wa oweruza onse m'dziko kuyambira 2015 mpaka imfa yake mu 2021. Inonge Wina, mayi woyamba kukhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2015, ndi Nelly Mutti, sipikala woyamba wamkazi mu 2021, ali pafupi ndi nthawi yathu ndipo sangakuvuteni. Anyamata okonda mpira muwakokere ndi Barbra Banda, amene anamwetsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021.

Alice Lenshina ndi nkhani yolemera. Anayambitsa mpingo wa Lumpa ku Chinsali m'zaka za m'ma 1950, mpingowo unafalikira mpaka ku Lundazi, ndipo mu 1964 mkangano wake ndi boma ndi chipani cha UNIP unaphetsa anthu mazanamazana. Ine ndikuti musamubise. Ana aone kuti amayi analinso pakati pa zinthu zowawa ndi zovuta kuweruza, sanali ongophikira omenyera ufulu. Koma kwa giredi 6 nenani mwachidule ndi mofatsa, poti mabanja ena akadali ndi mabala ake.

Mabandulo anu ochepawo muwagwiritse pa malo amodzi: Women's History Museum of Zambia, imene anayambitsa Samba Yonga ndi Mulenga Kapwepwe. Iwo anapanga timakanema tatifupi ta zojambula totchedwa Leading Ladies, tonena za amayi a m'zigawo zosiyanasiyana za Zambia. Tili m'Chingerezi, choncho muonere kaye nokha kunyumba, mukonze mawu a Chinyanja, kenaka muonetse ana m'timagulu ting'onoting'ono mozungulira foni.

Musaiwale kufika nawo pa lero. Atsikana a giredi 6 ayenera kumva kuchokera pakamwa panu kuti kuyambira 1997 boma limalola mtsikana amene watenga pathupi kubwerera kusukulu akabereka, ndi kuti lamulo la mu 2023 linaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18, ngakhale ukwati wa mwambo. Anyamata akhale momwemo pamene mukunena zimenezi.

Timapepala ta ana tija musatitaye. Gulani kope lalikulu la chikuto cholimba, ana olemba bwino akopere nkhanizo, koma pokhapokha banja litavomereza, ndipo zimene agogo anena kuti ndi za m'nyumba zisalowemo. Tsiku la amayi la pa 8 Malichi ndi la tchuthi, ndiye sankhani tsiku lina sabata yomweyo muitane agogo awiri kapena atatu adzakhale pampando kutsogolo kwa kalasi, ana afunse okha mafunso. Kopelo lizikhala mu ofesi ya ahedi, kuti inu mukadzasamutsidwa wobwera m'malo mwanu adzalipeze ndi kupitiriza ndi kalasi lake.