Mafunso a Owerenga: Masiku Awiri ku Chiang Mai ndi Ndalama Zochepa

FUNSO: Ndine namwino, ndipo kuntchito akunditumiza ku maphunziro a sabata imodzi mumzinda wa Chiang Mai, m'dziko la Thailand, m'mwezi wa Novembala. Maphunziro adzatha Lachisanu, koma ndege yobwerera ndi ya Lolemba. Anzanga amene anapitako akuti makampani oyendetsa alendo amalipiritsa ndalama zambiri, pamene ine ndapatsidwa ya malo ogona ndi chakudya yokha. Sindikufuna kubindikira m'hotela masiku awiri athunthu. Kodi ndingaone chiyani chokhudza chikhalidwe cha anthu a kumeneko popanda kuwononga ndalama zambiri? – Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, mtima ukhale m'malo, chifukwa mzinda umene mukupitawo ndi umodzi mwa mizinda imene munthu wa ndalama zochepa angathe kuona zambiri pongoyenda pansi. Chimene chimadya ndalama za mlendo ku Chiang Mai si kulowa m'malo oonako zinthu ayi, koma magalimoto a makampani amene amanyamula anthu pahotela n'kuwathamangitsa malo asanu ndi limodzi tsiku limodzi. Zithunzi za pamapepala awo otsatsira malonda n'zokongola, koma nthawi zambiri ndi chikomekome cha mkuyu, pakuti mlendo amabwerako atatopa, thumba litapepuka, asanalankhule ndi mwini mzinda ngakhale mmodzi. Malangizo anga ndi akuti musankhe malo ochepa, mudzuke m'mamawa, ndipo muziyenda ndi miyendo yanu.

Chiang Mai unakhazikitsidwa m'chaka cha 1296 ndi Mfumu Mangrai kuti ukhale likulu la ufumu wa Lanna, umene kwa zaka zoposa mazana awiri unali woima pawokha, wosiyana ndi maufumu a kum'mwera. N'chifukwa chake chilankhulo, zakudya ndi kamangidwe ka akachisi kumeneko n'zosiyana ndi za ku Bangkok. Mzinda wakalewo unamangidwa wa ngodya zinayi, mbali iliyonse yotalika pafupifupi kilomita imodzi ndi theka, ndipo unazingidwa ndi linga la njerwa ndi ngalande ya madzi. Ngalandeyo ilipo mpaka lero, ndipo zigawo za linga zikuonekabe m'ngodya ndi m'zipata. Kwa inu izi zikutanthauza kuti kusochera n'kovuta: mukangoyenda molunjika mbali iliyonse, pasanathe mphindi 30 mufika pangalande, n'kudziwa pamene muli.

Loweruka mudzuke kusanache bwino n'kupita kumsika umene uli pachipata cha kum'mwera, chotchedwa Chiang Mai Gate. Nthawi imeneyo amonke a chipembedzo cha Buddha amakhala akuyenda opanda nsapato, atavala nsalu zawo zachikasu chofiirira, atanyamula mbale zolandirira chakudya. Ine ndinaima pambali pa mayi wina wogulitsa mpunga, ndipo ndinamuona akuvula nsapato zake, kuika kathumba ka mpunga ndi ka ndiwo m'mbale ya mmonke wachichepere amene sakanaposa mwana wake, kenako n'kugwada pasimenti, manja atawaphatikiza pachifuwa. Mnyamatayo ananena mawu a madalitso motsitsa, osamuyang'ana kumaso, n'kupitirira. Mayiyo anadzuka, navala nsapato, n'kubwerera kukapima mpunga wa kasitomala amene amadikira osadandaula. Zonsezi sizinatenge mphindi ziwiri ndipo sindinalipire kanthu, koma ndinamvetsa za anthu a mzindawo kuposa zimene ndinawerenga m'zikwangwani za alendo. Ngati mukufuna kujambula, imani patali ndipo musatseke njira.

Kadzutsa mudyere pomwepo. Anthu a kumpoto kwa Thailand amadya mpunga womata wotchedwa khao niao, umene amauphika ndi nthunzi n'kuusunga m'timadengu tansungwi. Amatema ndi zala, kuumba kambamu n'kusunsa m'ndiwo, ndiye kwa munthu amene anakulira nsima palibe chachilendo m'kadyedwe kake. Muugule pamodzi ndi nyama yootcha kapena soseji ya kumeneko yotchedwa sai ua, imene amaikamo zitsamba zonunkhira ndi tsabola.

Akachisi m'kati mwa linga ndi ambiri moti munthu wofuna kuwamaliza onse amangosokonezeka, choncho ndikupatsani atatu okha. Woyamba ndi Wat Chiang Man, amene ndi wakale kuposa onse ndipo anamangidwa m'masiku a Mangrai mwiniyo. Kuseri kwake kuli nsanja yosungiramo zinthu zopatulika, imene iwo amaitcha chedi, yooneka ngati yasenzedwa pamsana pa njovu 15 zoumba. Malowa amakhala a zii m'mawa. Wachiwiri ndi Wat Phra Singh, wa m'chaka cha 1345. Alendo ambiri amathera m'nyumba yaikulu ya kutsogolo, koma inu mupite kukanyumba kakang'ono ka kumbuyo kotchedwa Wihan Lai Kham, kamene m'makoma mwake muli zithunzi zakale zoonetsa anthu wamba a ku Lanna: amayi ovala nsalu zamizeremizere, abambo a mphini zojambula m'ntchafu, anthu akucheza ndi kusuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zithunzi zimenezi zimafuna munthu wokhala pansi n'kuzipenya mofatsa.

Wachitatu, amene ine ndimamukonda kwambiri, ndi Wat Chedi Luang. Nsanja yake ya njerwa inamalizidwa m'zaka za m'ma 1400 mu ulamuliro wa Mfumu Tilokarat, ndipo inali yotalika pafupifupi mamita 80 mpaka pamene chivomezi cha m'chaka cha 1545 chinagwetsa msonga yake. Chotsalacho n'chachikulu ndithu, moti munthu ukaima m'munsi mwake umadziona kuchepa. Fano lotchuka la Emerald Buddha, limene lero lili ku Wat Phra Kaew mumzinda wa Bangkok, linasungidwa pansanja imeneyi kuyambira m'chaka cha 1468 mpaka pamene linatengedwa kupita ku Luang Prabang, mzinda umene lero uli m'dziko la Laos. Komatu chifukwa chachikulu chimene ndikukutumizirani kumeneko ndi matebulo amene ali pamthunzi m'bwalo la kachisiyo, pamene amonke ophunzira amakhala kuyembekeza alendo oti acheze nawo m'Chingerezi. Mwambowu amautcha Monk Chat, ndipo salipiritsa. Iwo amafuna kuzolowera chilankhulo, inu mumafuna kudziwa za moyo wawo. Ambiri mwa anyamatawa amachokera m'mabanja a kumudzi ndipo analowa umonke kuti apeze maphunziro, nkhani imene ife sitingaione yachilendo. Afunseni chifukwa chimene sadyera dzuwa likapendeka, kapena mmene amaonanirana ndi makolo awo. Nawonso adzakufunsani kumene kuli Malawi.

Akachisi ena amalipiritsa alendo akunja kandalama kochepa, ma baht (ndalama za ku Thailand) makumi angapo, pamene ena ambiri ngaulere ndipo amangoika bokosi la zopereka. Chimene salolera ndi kavalidwe kosayenera. Mapewa ndi mawondo ziyenera kubisika, ndipo apa chitenje chanu chidzakuthandizani kuposa chovala china chilichonse. Muvule nsapato musanalowe m'nyumba yopempherera, ndipo mukakhala pansi mupinde miyendo chakumbuyo kuti mapazi asaloze fano la Buddha, chifukwa kwa iwo phazi ndi chiwalo chonyozeka. Munthu wamkazi sakhudza mmonke ndiponso samupatsira chinthu m'manja. Amachiika pansi kapena pansalu kuti mwiniyo atole. Pali timalo tina timene akazi saloledwa kulowa n'komwe, monga kanyumba kosungira mzati wa mzinda m'bwalo la Wat Chedi Luang, ndipo pamakhala chikwangwani chonena zimenezo.

Dzuwa likaswa mtengo mukabisale m'nyumba zosungiramo za mbiri yakale zimene zili pafupi ndi chipilala cha mafumu atatu, Mangrai, Ramkhamhaeng wa ku Sukhothai ndi Ngam Muang wa ku Phayao, amene mbiri imati anagwirizana posankha malo a mzindawu. Ngati nthawi ingokulolani imodzi, sankhani Lanna Folklife Museum, imene imafotokoza tanthauzo la zinthu zimene mwaziona m'makachisi m'mawa uja. Madzulo a Loweruka msewu wa Wua Lai, kumene kuli amisiri osula siliva, umatsekedwa kuti ukhale msika wa oyenda pansi, ndipo chapafupi pali Wat Sri Suphan, kachisi wokutidwa ndi zitsulo zosemedwa zonyezimira, kumene mungaone amisiri akukhoma zojambula ndi tinyundo tawo. Nakonso akazi amaonera panja nyumba yaikuluyo.

Lamulungu ndi tsiku la phiri. Kachisi wa Wat Phra That Doi Suthep ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 15 kuchokera mumzinda, ndipo anthu a kumeneko amati amene sanakwereko sanafike ku Chiang Mai. Musatenge galimoto yanuyanu. Mumzindawu muli mapikapu ofiira okhala ndi mabenchi awiri kumbuyo, otchedwa songthaew, amene amagwira ntchito ngati matola a kwathu, kungoti ali ndi denga: mumaimitsa, kunena kumene mukupita, kumvana mtengo musanakwere, n'kulipira potsika. Opita kuphiri amadikira pafupi ndi chipata cha kumpoto, Chang Phueak, komanso pafupi ndi malo osungira nyama zakutchire, ndipo amanyamuka akadzaza. Kachisiyo anayamba kumangidwa m'chaka cha 1383, pamalo pamene nthano yawo imati njovu yoyera yonyamula fupa lopatulika inaima, kulira katatu n'kufa. Msewu wokwera phirilo unalambulidwa ndi anthu wamba ongodzipereka, ndi makasu ndi manja, motsogozedwa ndi mmonke Khruba Siwichai, ndipo unatha m'chaka cha 1935. Chipilala chake chili m'munsi mwa phiri ndipo oyendetsa magalimoto ambiri amachipatsa ulemu akamadutsa. Pamwamba pali masitepe oposa 300, ndipo mukawamaliza mzinda wonse umaoneka m'munsi, ngalande ija itajambula ngodya zake zinayi.

Mubwereko masana, mupume, kenako chakumadzulo mupite ku Tha Phae Gate, pamene pamayambira msika wa Lamulungu umene umadzaza msewu wonse wa Ratchadamnoen. Mabwalo a akachisi amasanduka malo odyera, ndipo oimba, ena a iwo akhungu, amakhala pakati pa msewu ndi zoimbira zawo. Ikakwana 6 koloko nyimbo ya fuko imalira pazokuzira mawu, ndipo khamu lonse limaima chilili mpaka ithe, inunso muime. Musachoke mumzindawo musanalawe khao soi, chakudya cha ufa wa tirigu chonga supageti chimene amachiika mumsuzi wa kokonati ndi nkhuku, pamwamba n'kuwazapo china chokazinga chokhukhuta. M'malo odyera anthu wamba mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa m'hotela.

Popeza ulendo wanu ndi wa mu Novembala, fufuzani ngati masiku anu akugwirizana ndi nthawi imene mwezi umaoneka wathunthu kumwamba, pamene kumakhala zikondwerero za Loy Krathong ndi Yi Peng. Matikiti a malo oulutsira nyali zambirimbiri kunja kwa mzinda ndi odula kwambiri, koma kuyandamitsa kabwato ka thunthu la nthochi, maluwa ndi kandulo pamtsinje wa Ping kumangofuna ma baht ochepa, ndipo kuona timiphika ta nyali toyatsidwa m'misewu ndi m'zipata za nyumba n'kwaulere.

FUNSO: Ine ndine mkulu wa mpingo ndipo ndili m'gulu lopita ku Thailand. Chikumbumtima changa sichikundilola kulowa m'nyumba za mafano. Kodi ndiye kuti palibe china choti ndione ku Chiang Mai? – Bambo wa ku Kasungu

YANKHO: Bambo, palibe amene adzakukakamizeni kulowa kapena kugwada, ndipo mlendo woima panja mwaulemu salakwira aliyense. Zoti muone zilipo zambiri. Wolokani mtsinje wa Ping pamlatho wa Nawarat, ndipo mudzapeza dera limene amishonale a Presbyterian ochokera ku America anayambira ntchito yawo Daniel McGilvary atafika m'chaka cha 1867. Tchalitchi chakale chamatabwa chidakalipo m'mbali mwa mtsinje, ndipo chipatala cha McCormick ndi sukulu ya Prince Royal's College ndi zipatso za ntchito yomweyo. Mpingo wa First Church of Chiang Mai umapemphera Lamulungu lililonse, ndipo kumva nyimbo zimene mumazidziwa zikuimbidwa m'Chithai ndi chinthu chimene simudzaiwala. Abale athu achisilamu a m'gulu lanu angapite kumzikiti wa Ban Haw, umene unakhazikitsidwa ndi amalonda ochokera ku Yunnan m'dziko la China, ndipo m'kamsewu kake muli malo odyera a halal. Msika waukulu wa Warorot, pamodzi ndi msika wa maluwa wa Ton Lamyai umene uli pambali pake, ungakutengereni m'mawa wonse popanda kugula kanthu.

FUNSO: Kodi ndalama ndinyamule motani? – Wophunzira wa ku Lilongwe

YANKHO: Kwacha simudzatha kusintha kumeneko, choncho nyamulani madola a America atsopano, osang'ambika ndi osalembedwa, chifukwa osintha ndalama amakana akuda ndi okwinyika. Makina otapira ndalama amadula ma baht oposa 200 nthawi iliyonse imene mwagwiritsa ntchito khadi yakunja, ndiye ndi bwino kutapa kamodzi kusiyana ndi kutapa pang'onopang'ono. Ndalama zawo zili ndi nkhope ya mfumu, ndipo malamulo a dzikolo amalanga koopsa aliyense wonyoza banja lachifumu, choncho ndalama ikagwa pansi muitole ndi dzanja, osaiponda ndi phazi kuti isagubuduke.